Mboni Ziwiri za ku Nathenje

Pa anthu onse amakani amene anakhalako pa Mitundu, Che Mfaume ankayenda patsogolo. Anali telala wa pakhonde la sitolo, ndipo munthu akabwera kudzadandaula kuti buluku lamufupikira, iwo ankamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kumuuza kuti miyendo yake ndiyo yatalika. Anthu ankawapirira pa zifukwa ziwiri. Msoko wawo sunkamasuka, ndipo kwa zaka makumi atatu maso awo ndiwo ankayamba kuona mwezi watsopano wotseka kusala kwa Ramazani. Koma pofika chaka cha 1957 masowo anali atachita nkhungu. Ulusi pa singano ankawalowetsera ndi mwana wawo Kuluthumu, amene anabwerera pakhomo mwamuna wake atatchona ku Joni. Mayi ake anali atamwalira kale, choncho pakhomopo anali awiriwiri.

Chaka chimenecho Ramazani inathera kumapeto kwa Epulo, ndipo kumwamba kunachita zachilendo. Mvula imene anthu ankati yatsazika inabwereranso yamawawa, ndi kamphepo kolowa m'mafupa. Inawanyowetsa Che Mfaume pochokera ku mzikiti, ndipo pa tsiku la 26 la kusala anagona ndi chibayo. Dokotala wa pa dispensale anawapatsa mapiritsi oyera aja a chibayo otchedwa Emu-endi-Bi, n'kumuuza Kuluthumu momveka bwino: awiri pakatha maola anayi alionse, usana ndi usiku, ndipo madzi azimwa ambiri, chifukwa mankhwala amenewa akasowa madzi amatseka impso. Mkuluyo anamva zonse, anavomera ndi mutu, dokotala atangotembenuka anatseka pakamwa mpaka kulowa kwa dzuwa.

Shehe Sele, mtsogoleri wa mzikiti, anabwera kawiri kudzawanyengerera.

"Che Mfaume, Buku likunena poyera kuti wodwala amasule, adzabweze akachira. Kodi mukufuna kuposa Buku?"

"Ndidzabweze liti, Shehe?" anatero mkuluyo, mpweya ukuchita kudukaduka. "Thupili ndikulimva ndine. Sindinaperekepo kwa munthu mkanjo wopanda mpendero. Ndikayambire kwa Mwini wanga?"

Kuluthumu anayesa kulira, anayesa kukalipa. Tsiku lina anatseka zenera ndi chiguduli n'kunama kuti dzuwa lalowa. Mkulu wosaona bwinoyo anangomufunsa chifukwa chimene nkhuku zinali zisanalowe m'khola. Madzi amene ankamwa usiku ena ankabwerera ndi chifuwa. Milomo inang'aluka, mkodzo unachepa n'kuda ngati tiyi wopanda mkaka. Madzulo a tsiku la 28 dokotala anamuitanira Kuluthumu kuseri kwa nyumba.

"Mawa mwina apirira," anatero. "Mkuja sindikulonjeza."

Khomo lotsala linali limodzi lokha. Mwezi watsopano ukaoneka madzulo a tsiku la 29, kwacha kumakhala Idi, chikondwerero chotsekera kusala, ndipo pa Idi kusala n'koletsedwa. Ngakhale Che Mfaume ndi makani awo akanamwa madzi. Ukapanda kuoneka, anthu amasala tsiku la 30. Ndipo kuoneka kwake sikunali kongomva mphekesera. Pankafunika amuna awiri achisilamu, odziwika kuti sanama, olumbira kuti auona ndi maso awo. Kuluthumu anatuluka m'mawa wa tsiku la 29 n'kuyang'ana kumwamba. Kunali mtambo umodzi kuchokera ku Dzalanyama mpaka kumene maso amalekezera, wotuwa ngati bulangete la kundende. Anachita mantha amene anali asanachitepo chibadwire.

Ndi pamene anakumbukira aphunzitsi a Matthews.

A Matthews anali Mkhristu, anamenyako nkhondo ku Burma, ndipo kunkhondoko anabwerako ndi zinthu ziwiri: mwendo wotsimphina pang'ono ndi magalasi a asilikali oonera patali. Pamene ankaphunzitsa pa Mitundu, asanawasamutsire ku Nathenje, Loweruka lililonse ankakhala pakhonde la Che Mfaume kukangana nawo za kumwamba. Anali ndi kabuku kobwera chaka ndi chaka, konena tsiku ndi ola limene mwezi udzabadwe. Che Mfaume ankakatcha kabuku ka ula. Kuluthumu, akusita zovala pakona, anamvapo mkangano wina umene sanauiwale.

"Kumwambaku kuli dziko lina lozungulira dzuwa ngati lathuli, koma lalikulu kwambiri, dzina lake Neputuni," anatero aphunzitsi tsikulo. "Analidziwa asanalione. Anangoona kuti linzake, Yurenasi, silikuyenda bwino m'njira yake, pena lifulumira, pena lichedwa, ngati mbuzi imene wina akuikoka chingwe ali kuseri kwa tchire. Mfalansa wina anakhala pansi ndi pensulo miyezi yambiri, kenaka analemba kalata ku Jeremani kuti lozani galasi lanu pakutipakuti. Usiku wa tsiku limene kalata inafika, analipeza."

"Analipeza ndi chiyani?" anafunsa Che Mfaume, phazi lili pa makina.

"Ndi galasi."

"Kuseri kwa galasiko kunali chiyani?"

"Diso la munthu."

"Basitu. Pensulo inachita kupita kukapempha diso. Bweretsani buluku lanulo ndilipinde."

Anthu anaseka tsiku limenelo, koma Kuluthumu anatolapo china. Ngati munthu angadziwe pamene pali chinthu chimene sichinaonekepo, ndiye kuti aphunzitsi angadziwe malo enieni pamene mwezi wabisala. Akabwera nawo pa Mitundu dzuwa lisanalowe, ndi kabuku ndi magalasi, kampata kakang'ono m'mitambo kangakwane. Amuna awiri angasuzumire n'kulumbira. Anasiya bambo ake m'manja mwa mkazi wa Shehe, n'kupita kumsewu kukadikira lole ya fodya imene nthawi zina inkadutsira cha ku Nathenje.

Loleyo sinabwere. Anaidikira mpaka anazindikira kuti wataya m'mawa wonse, ndipo anadzitukwana yekha. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Anamanga chitenje molimba n'kuuyamba wapansi, iyenso ali pa kusala, m'kamwa muli gwa.

Anadutsa phiri la Bunda osaliona nsonga. Anadutsa midzi yonunkha utsi wa m'zigafa za fodya, kumene amayi ena anamupatsa nzimbe iye n'kukana, iwo n'kumuyang'ana ngati wozungulira mutu. Pa dambo lina matope anamufika m'mawondo. Patsogolo pake njira inagawikana, anatenga yolakwika, ndipo anabwerera mtunda wautali akulira mokweza popeza panalibe womumva. Njira yonse ankangowerenga maola: pano bambo akanamwa mapiritsi awiri, pano akanamwanso awiri. Pamene ankafika pa nyumba ya aphunzitsi kuseri kwa sukulu ya ku Nathenje, kumadzulo kunali kutayamba kufiira.

Mayi Margret, mkazi wa aphunzitsi, ndiwo anayamba kumuona. Anamukhazika pa mpando n'kuthamangira madzi, iye anakana ndi dzanja. Anafotokoza zonse ali wefuwefu. A Matthews sanafunse zambiri. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi kabuku kaja, anatsegula n'kuyendetsa chala.

"Mwezi wabadwa usiku wathawu, cha m'ma 2 koloko. Ulipo, Kuluthumu. Koma ndi wowonda ngati ulusi, ndipo dzuwa likalowa sukhalitsa." Anayang'ana kumwamba, kenaka anayang'ana njinga yawo. "Ku Mitundu sitingafike nthawi yake, ngakhale njingayi itamera mapiko."

Kuluthumu anaona kuti mtunda wonse uja anauyendera pachabe.

"Koma taonani uko," anatero Mayi Margret. Kumadzulo, pansi penipeni, mtambo unali utang'ambika, n'kusiya kampata kotalika koma kopyapyala.

"Margret, thamangani ku mzikiti," anatero aphunzitsi. "Mukaitane Che Abdulrazak a sitolo ndi mwamuna wina aliyense. Nathenje akalengeza Idi, uthenga wa amuna awiri tipita nawo ku Mitundu usiku uno."

Mzikitiwo unali kumapeto ena a malo a malonda. Mayi Margret anathamanga monga amathamangira mayi wa ana asanu ndi mmodzi. Aphunzitsi ndi Kuluthumu anakwera chulu chachikulu cha kuseri kwa sukulu. Dzuwa linatulukira m'kampata kaja, lofiira, n'kumira kuseri kwa mtengo wa bulugamu. A Matthews anazika ndodo ya mphanda pansi, anatambasula dzanja n'kuyeza ndi zala.

"Kumanja pang'ono kwa bulugamuyo, zala zinayi kuchokera pansi. Ngati kabukuka sikanama, uli pamenepo."

Kuluthumu anayang'ana mpaka maso anawawa, ndipo panalibe kanthu. Aphunzitsi anatsamiritsa magalasi pa mphanda n'kusuzumira nthawi imene kwa Kuluthumu inali ngati chaka. Kenaka anapuma mwamphamvu.

"Bwera. Usagwedeze ndodo."

Poyamba anangoona nsidze zake zomwe ndi mdima.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero aphunzitsi. "Gwira mpweya."

Anagwira mpweya. Kumwamba kofiira kunayera m'magalasimo, ndipo pakati pake panali kamzere koyera, kopindika, kochepa kuposa chikhadabo chowengedwa. Kanali pamalo enieni amene anamuuza. Anangonong'ona kuti, "Ulipo." Anachotsa diso, anabwezeranso, ndipo unali pomwepo. Anatembenuka kuyang'ana kunjira ya ku mzikiti. Kunalibe munthu.

"Akubwera," anatero aphunzitsi, koma mawu awo sanali a munthu wokhulupirira.

Mtambo wa pamwamba unayamba kutsika. Kuluthumu anauona m'magalasimo ukudza pang'onopang'ono, ndipo anaupempha ngati munthu, kuti udikire pang'ono, bambo ake akudwala. Unaphimba nyanga imodzi, kenaka inzake. Pamene Che Abdulrazak ndi mnzawo ankafika pa chulu, dzanja likadali ndi mafuta a chakudya chomasulira, kampata kaja kanali katatsekeka.

Che Abdulrazak anali munthu wabwino, ndipo Che Mfaume ankawadziwa. Anasuzumira m'magalasi mpaka kunada. Mnzawo anasuzumiranso. Kuluthumu anagwada pa chulupo n'kuwagwira mwendo.

"Bambo, ulipo. Ndauona ine, aphunzitsi auona. Mungonena kuti mwauona. Si bodza, poti ulipodi."

"Mwana wanga, ndikukukhulupirira," anatero Che Abdulrazak, misozi ili m'maso. "Koma lumbiro lake silinena kuti ulipo. Limanena kuti ndauona. Ine sindinauone."

Anawachonderera mpaka mawu anasasa. Anawauza za milomo yong'aluka, za mawu a dokotala. Anawakalipira, mkulu wofanana ndi bambo ake, kuti akusunga pakamwa pawo poyera pamene munthu akufa. Iwo anangowerama n'kulandira zonse, koma sanasinthe. Mayi Margret ndiwo anamudzutsa n'kumumwetsa madzi, pakuti nthawi yomasula inali itadutsa kale iye osakumbukira.

Aphunzitsi anamukweza pa njinga. Ndi mwendo wawo wotsimphinawo anapalasa pamene panali pouma, n'kukankha pamene panali matope, nyali ya mafuta ikulendewera pa chiwongolero. Anafika pa Mitundu tambala woyamba atalira, nthawi ya daku, chakudya chimene osala amadya kusanache. Anapita molunjika kwa Shehe Sele, amene anawamvetsera ali chiimire pakhomo, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Ndakumvani nonse awiri, ndipo palibe wabodza pakati panu," anatero Shehe. "Koma lamulo likufuna amuna awiri achisilamu. Pano ndili ndi mkazi mmodzi ndi Mkhristu mmodzi. Ndikalengeza Idi, ndamasulitsa mudzi wonse pa umboni umene sindiloledwa kulandira."

A Matthews anavula chipewa. Anali mkulu wa mpingo kwawo, ndipo zimene ananena zinawalemera.

"Shehe, nanga nditalowa Chisilamu pompano?"

Shehe anaika kapu ya tiyi pansi.

"Mukanakhalabe mmodzi, aphunzitsi." Kenaka anatembenukira kwa Kuluthumu. "Pita ukawauze bambo ako wekha. Uwauzenso kachitatu kuti ine ndati amwe. Chilolezo ali nacho kuyambira tsiku limene anagona."

Aphunzitsi anakhala pakhonde, miyendo itawathera. Kuluthumu analowa m'nyumba. Mkazi wa Shehe anamunong'oneza kuti usiku amwa mapiritsi ndi madzi pang'ono, koma theka labwerera. Che Mfaume anali atatsamira khoma, maso atalowa m'kati, chifuwa chikulira ngati chitseko chakale. Kuluthumu anatunga madzi odzaza kapu yachitsulo n'kugwada pambali pa mphasa.

"Ababa, ndauona mwezi."

Mkuluyo anatembenuza mutu. "Kuti?"

"Ku Nathenje. Ndi magalasi a aphunzitsi a Matthews."

"Unali mbali iti ya pamene dzuwa lalowera?"

"Kumanja. Zala zinayi kuchokera pansi."

"Nyanga zake?"

"Zinaloza kumwamba, zopendekera kumpoto. Wowonda kwambiri, Ababa, ngati ulusi woyera wa nambala fote."

Che Mfaume anatseka maso, ndipo pa milomo yong'alukayo panabwera kumwetulira kumene Kuluthumu anali asanakuone chiyambire matendawo.

"Ndi umenewo. Nyengo ino umakhala choncho. Wauonadi." Anafufuza dzanja lake n'kuligwira. "Ndimadabwa kuti maso anga anapita kuti. Kani anapita kwa iwe."

Kuluthumu anamva mtima ukumasuka koyamba pa masiku anayi. Kunja kunayamba kuyera, ndipo ku mzikiti kunamveka kuitana kwa pemphero la m'bandakucha, kumene kumatseka kudya ndi kumwa. Anasendeza kapu kufupi ndi pakamwa pawo.

"Ndiye lero ndi Idi, Ababa. Imwani."

"Shehe walengeza?"

Akanatha kunama. Anaganizadi zonama, koma ng'oma ya Idi ikanamveka mudzi wonse, ndipo kunja kunali zii.

"Sanalengeze. Akuti mboni sizinakwane. Koma akuti mumwe, chilolezo muli nacho."

"Wachita bwino. Ndikanakhala ine ndikanateronso." Anapuma kanthawi kuti mpweya ubwerere. "Zaka makumi atatu ndakhala ndikubweza anthu amene ankati auona okha. Lero ndilandire chifukwa ludzu lili pa ine? Ine sindinauone, mwana wanga. Ndili pamodzi ndi anzanga amene sanauone."

"Ababa, mufa."

"Mwina. Koma tamvera. Amene wauona ndi maso ake, ngakhale anthu amukane, kwa iyeyo tsikulo ndi Idi. Amamasula mwakachetechete. Iwe lero suloledwa kusala." Anakankhira kapu ija kwa iye ndi zala ziwiri. "Imwa."

"Sindimwa inu musanamwe."

"Usachimwe pamaso panga, Kuluthumu. Wayenda ulendo wonsewu kukaona chinthu choona. Usachisandutse chabodza. Imwa, ndimve."

Anawayang'ana, ndipo anadziwa kuti atha kukhala pamenepo mpaka dzuwa kulowa, mkuluyo osasuntha. Anawada nthawi imeneyo, anawada ndi mtima wonse, ndipo anawakonda kuposa kale. Ananyamula kapu ndi manja awiri n'kumwa. Madzi anali ozizira, ndipo chimene chinamupweteka koposa n'chakuti anakoma. M'nyumbamo munali chete mwakuti kumeza kulikonse kunkamveka, ndipo bambo ake ankamvetsera, lilime lawo louma likuyenda pa milomo. Anamwa mpaka kapu inatha.

"Idi yabwino, mwana wanga," anatero Che Mfaume.

Masana mitambo inayamba kubalalika, dzuwa linawomba, ndipo m'nyumba munatentha. Kuluthumu ankawapukuta nkhope ndi kansalu konyowa, koma kakayandikira pakamwa ankatembenuza mutu, ngakhale pamene anali atasiya kuzindikira anthu. Dokotala anabwera, anawagwira pamkono, n'kutuluka. Che Mfaume anamwalira dzuwa litapendeka, patatsala maola awiri kuti anthu amasule.

Madzulo amuna anasonkhana pabwalo la nyumbayo kukonza za maliro. Kumwamba kunali kutayera ngati kwasesedwa. Dzuwa litangolowa, mwezi unaoneka pamwamba pa denga la sitolo, wokwera, wonenepa, woti ngakhale wa diso limodzi sakanauphonya. Panalibe amene anathamangira ng'oma. Anthu anangoima n'kumauyang'ana, ndipo Shehe Sele ananena motsitsa mawu zimene aliyense ankaziona.

"Uwu ndi wa dzulo."

Kuluthumu anawamva ali m'nyumba, pambali pa mphasa. Sanatuluke kukauona.